Mphambano ya Phulusa

Gilibati Kamtedza anawerenga magalimoto kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ntchito yake inali yomweyo basi: kukhala pampando wopinda m'mbali mwa msewu waukulu pa Nathenje, kope pamwendo, n'kumalemba kamzere chinthu chikadutsa. Lole inali ndi tsamba lake, basi tsamba lake, ngolo tsamba lake. Sanawonjezepo galimoto ngakhale imodzi, ndipo akafuna kukataya madzi ankalemba nthawi imene wachoka ndi imene wabwera, kuti akuluakulu adziwe kuti pamenepo sanaone. Boma la zipani zambiri litalowa, linamuthokoza ndi kalata ya mizere itatu n'kumuuza kuti akapume. Gilibati anapinda mpando wake n'kupita kukakhazikika kuchikamwini ku Mitundu.

Ku Mitundu anapeza kuti zowerenga zachuluka kuposa kumene amachokera. Fodya amene kale ankalimidwa m'maesiteti mokha tsopano ankalimidwa ndi aliyense, ndipo aliyense wogulitsa mabelo awiri ankagula ngolo. Ogula fodya anabwera ndi malole awo, a matola anabwera ndi tigalimoto tawo topanda mabuleki, ndipo ogulitsa tomato anasendeza milu yawo mpaka m'msewu. Ukawauza kuti abwerere m'mbuyo ankakufunsa ngati sunamve kuti kunja kuno kuli ufulu. Tsiku la msika zonsezi zinkakumana pa kamphambano ka kumunsi kwa msika, pamene msewu wochokera ku Nathenje umakhota, n'kungoima ndwii.

Pangodya ya mphambanoyo panali nyumba ya aNachisale, apongozi ake a Gilibati. Inali ya njerwa zootcha ndi malata, ndipo anaimanga ndi manja awo malemu amuna awo atabwera ku migodi ya ku Joni. Nthawi imeneyo msewu unali kanjira ka njinga. Tsopano ngodya ya chipinda chogona inali itasupuka chifukwa cha ngolo zokhula pokhota, moti aNachisale ankadziwa kuti kwacha akamva khoma likunjenjemera.

Chaka cha m'mbuyo mwake panachitika chinthu chimene anthu sankakonda kuchikamba. Mayi wina wa ku Malingunde anamunyamula pangolo kupita naye kuchipatala, ngoloyo n'kutsekeredwa pamphambanopo maola awiri. Anaberekera pangolo pomwepo, amayi atatchinga ndi zitenje, chipatala chili poti munthu ataitana amve. Mwanayo sanalire.

Ndiye boma linatumiza injiniya, mnyamata wokulira m'tauni dzina lake Jeremiah Makwinja. Anabwera ndi tepi yoyezera ndi kachitini ka penti. Anayeza, anakanda pamutu, anayezanso, kenako analemba mtanda wofiira pakhoma la aNachisale. Ananena mwaulemu ndithu kuti msewu ukulitsidwa mwezi ukatha.

Madzulo ake Elube, mkazi wa Gilibati, sanazungulire.

"Bambo a Masozi, mwakalamba mukuwerenga magalimoto a eni ake. Werengani awa kuti amayi asagone panja."

Gilibati anatulutsa mpando wopinda uja. Anakhala pamphambano masiku atatu a msika, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo anthu ankamupatsa moni womvera chisoni poganiza kuti kuchotsedwa ntchito kwamusokoneza mutu. Atatha anajambula mapu pachikatoni cha sopo. Nzeru yake inali yakuti zonse zizizungulira msika mbali imodzi, zolowa zidzere kumtunda, zotuluka zidzere kumunsi. Polowera pakhale munthu ndi chikwangwani chotembenuza, chouza obwera kumene kuli malo oimika, kuti asamalowe m'kati kukafufuza okha. Pangodya ya aNachisale pokha ndi pamene zopita ndi zobwera zikanakumanabe, chifukwa njira ya kuchipatala inalibe kwina kodzera. Koma Gilibati anaona kuti zikachepa pangodyapo zizitha kupatsana mpata.

Ananyamula chikatonicho kupita nacho kwa Makwinja, amene anachiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene Gilibati ankayembekezera.

"Madala, nzeru ndi yabwino. Koma zotere sitingovomera. Timaziyesa kaye pakompyuta. Timaikamo misewu, timaikamo magalimoto, n'kuona ngati zikuyenda."

"Ndiye tiyeseni, bwana."

"Kompyuta yake ili ku Lilongwe. Yafundidwa nsalu. Ikudikira kachitsulo kochokera kunja."

"Kafika liti?"

"Anakaitanitsa chisankho chisanachitike."

Gilibati anawerengera chamumtima n'kupeza kuti papita zaka ziwiri.

"Nanga bwana, kompyutayo imachita chiyani chimene anthu sangachite? Misewu tijambula pansi. Magalimoto akhala anthu."

Makwinja anaseka mpaka kupukuta misozi, koma atamaliza kuseka anavomera, mwina chifukwa naye mtanda uja sunkamusangalatsa. Anagwirizana chimodzi: zikayenda theka la ola osatsekeka, ndi chiwerengero chenicheni cha m'kope la Gilibati, iye mwini adzafufuta mtandawo. Zikakanika, nyumba ipita.

Lachinayi lotsatira Gilibati anadzuka ndi ndowa ziwiri za phulusa kupita kubwalo la mpira la pasukulu. Anajambula msika, misewu yonse ndi mphambano, phazi limodzi pabwalo kuimira mapazi asanu a kumsewu. Nyumba ya apongozi ake anaijambula bwinobwino, ndi khonde lomwe. Wokhala njinga ankanyamula phesi la chimanga. Wokhala ngolo ankanyamula mpini wa khasu chopingasa. Wokhala lole ankasenza nsungwi yaitali paphewa, ndipo lole yaikulu kuposa zonse, yonyamula mabelo, anapatsa Petro, mkamwini mnzake amene anakwatira mng'ono wake wa Elube. Petro anali wopha ng'ombe pamsika, munthu wa thupi lake, moti ngakhale popanda nsungwi anthu akanavomera kuti ndi lole.

Mudzi wonse unabwera, pakuti nkhani inali ya nyumba ya aNachisale ndipo m'mudzimo munalibe amene sanali mbale wawo, kaya wamagazi kaya wa ukwati. Nawo aNachisale anabwera. Anatuma Elube kuti akauze mwamuna wake kuti nyumba ndi yawo, choncho sakhala pansi kuonerera, akhala ngolo. Anatuma chifukwa mkamwini ndi apongozi ake aakazi salankhulana maso ndi maso. Pa zaka zonse za ukwati wake Gilibati ankawadziwa bwino apongozi ake kumsana ndi kumawu. Akawaona akubwera panjira ankapatuka, kunyonyomala patchire atayang'ana kumbali, mpaka adutse. Anawatumizira mpini wa khasu wopepuka kudzera mwa Elube yemweyo.

Makwinja anakwera pachulu cha kuseri kwa golo, wotchi m'manja.

"Tiyambe ndi mmene zimakhalira masiku onse, bwana?" anafunsa Gilibati.

"Zimenezo ndinaziona ndekha, ndinapsa ndi dzuwa m'galimoto maola awiri. Yambani ndi nzeru zanuzo."

Gilibati anaima polowera, kumene kunkaimira ku Nathenje, kope m'dzanja, wezulo kukamwa. Ankalowetsa anthu monga mmene analembera tsiku la msika: njinga zinayi, ngolo, njinga ziwiri, matola, ngolo ziwiri, lole. Wotuluka ankazungulira kuseri n'kudzafolanso. Mphunzitsi wina wopuma anagwira chikwangwani n'kumachitembenuza ndi nkhope ya munthu amene wapatsidwa dziko kuti alisunge. Ena ankalira ngati injini ngakhale palibe anawapempha.

Ndipo zinayenda. Zinayenda mokoma moti Gilibati anayamba kumva kutentha m'maso. Mphindi khumi, palibe choima. Mphindi makumi awiri, fumbi lili koboo, mapesi ndi mipini zikungozungulira. Kuchokera pamene anaima sankaona bwino pangodya paja chifukwa cha mitu ya anthu. Ankangoona nsonga ya nsungwi ya Petro ikuyenda pamwamba pa mitu, nthawi zina n'kuloza kumwamba pang'ono, kenako n'kugonanso. Sanaziganizire, maso ake anali pakope.

"Theka la ola!" anakuwa Makwinja pachulu paja.

Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Elube anavula mpango n'kumauzunguza m'mwamba. Amuna anabwera kudzamugwira chanza Gilibati, ena mwa iwo omwe aja ankati wapenga. ANachisale anakakhala pabenchi atafulatira, monga mwa nthawi zonse, koma mapewa awo ankaoneka kuti akuseka. Makwinja anatsika pachulu akupukusa mutu mosangalala, n'kupita kugalimoto yake kukatenga mapepala oti asaine.

Gilibati anali ndi chizolowezi chimodzi cha kuntchito: akamaliza kuwerenga ankayendera malo. Anatsata mizere yake ya phulusa kuyambira polowera. Kumtunda inali bwinobwino. Kuzungulira msika inali bwinobwino. Atafika pangodya anaima. Nyumba ya apongozi ake panalibe. Phulusa la khoma linali litapondedwapondedwa, ndipo pakati penipeni pa chipinda chogona panali mapazi akuluakulu a nkhwayira za tayala, ozama kuchidendene, a munthu amene wanyonyomala.

Anakodola Petro.

"Mapazi awa ndi anu?"

Petro anayang'ana mapaziwo, anayang'ana nkhwayira zake, n'kuona kuti kukana n'kutaya nthawi.

"Ndi anga, akulu."

"Mumatani m'chipinda cha amayi ndi lole ya mabelo?"

"Nanga ndikanatani? Ndikukhota chonchi, ndangoona apongozi awo akubwera ndi mpini wawo. Ndiwagunde ndi nsungwi? Ndinapatuka."

"Nsungwi munaiika kuti?"

"Ndinaiimika."

"Munaimika lole."

"Pang'ono pokha, akulu. Atadutsa ndinaigonekanso."

"Kangati?"

Petro anawerenga zala. "Kwa amayi kasanu ndi kawiri. Kwinako kunali kwa azakhali awo a akazi anga. Koma si ine ndekha ayi. Aliyense amapatuka. Uyo wa matola uyo anakumana ndi amalume ake, mpaka anavula chipewa."

Apa m'pamene Gilibati anaona chimene anachita. Anasonkhanitsa anthu a mudzi umodzi, oti aliyense akudziwa woyenera kumupatukira, n'kuwatcha magalimoto. Pangodyapo sipanatsekeke chifukwa pa anthu awiri alionse okumana, mmodzi anali mkamwini, kapena mdzukulu, kapena wamng'ono, ndipo ankalowa yekha m'nyumba ya phulusa asanauzidwe. Woyendetsa lole wa ku Limbe alibe apongozi ku Mitundu. Ngakhale akanakhala nawo, khoma la njerwa silikanamulola.

Petro anali atatola kale ndowa ya phulusa lotsala.

"Tingothirapo lina, akulu. Bwanayo anali pachulu, sanaone kanthu. Ndani adziwe?"

Gilibati anachita mantha enieni. Anayang'ana Elube akuvina. Anayang'ana msana wa apongozi ake, amene anamupatsa munda, namusungira ana nthawi yonse imene iye ankakhala ku Nathenje, osamuwerengera ngakhale tsiku limodzi kuti ndi mkamwini wosalima. Ankawakonda mayi amenewa, ngakhale analibe njira yowauzira. Kungokhala chete kwa mphindi ziwiri, nyumba ikanatsala. Koma anaonanso ngolo ija itaima pangodya, zitenje zitatchinga, amuna atayang'ana pansi. Tsiku limenelo iye analipo, ndipo anali mmodzi wa amuna oyang'ana pansiwo.

"Ikani ndowayo pansi," anatero.

Makwinja anali atayala pepala pa boneti, cholembera chili m'manja.

"Bwana, musasaine kaye. Tibwereze."

"Tibwereze chiyani madala? Mwapambana."

"Magalimoto anga amadziwana, bwana."

Anamutengera pangodya paja n'kumuonetsa mapazi. Makwinja anamvetsera, anayang'ana Petro, anayang'ana nsungwi, ndipo ulendo uno sanaseke. Anafunsa motsitsa mawu ngati Gilibati akudziwa chimene akupempha. Gilibati anati akudziwa.

Pansi pa mtengo wa m'mphepete mwa bwalo panakhala matenanti a pa esiteti ina ya fodya, anthu ochokera ku Phalombe ndi ku Mulanje, amene ankadikira thirakitala yowatenga ndipo anaonerera zonsezi ngati kanema waulere. Sankadziwa munthu m'mudzimo, ndipo ambiri sankadziwana okhaokha pakuti anabwera zaka zosiyana. Gilibati anawapempha kuti akhale magalimoto, iwo anavomera msanga chifukwa thirakitalayo inali itachedwa kale maola atatu. Anajambulanso nyumba. Anaika malamulo awiri: phulusa ndi khoma, ndipo nsungwi siimikidwa.

Anthu a m'mudzi anaima m'mbali osamvetsa. Elube anasiya kuzunguza mpango.

Wezulo inalira. Njinga zinayi, ngolo, njinga ziwiri, matola. Kumtunda zinayenda. Kuzungulira msika zinayenda, ndipo mphunzitsi wa chikwangwani uja anagwira ntchito yake mosalakwitsa. Pa mphindi ya chisanu ndi chinayi lole yotuluka inakumana ndi ngolo yopita kuchipatala pangodya paja. Wa nsungwi anayesa kukhota, nsonga ya kumbuyo inafika pakhoma. Anayesa kubwerera, kumbuyo kwake kunali kale mipini itatu ndi mapesi asanu ndi limodzi.

"Bwerera iwe!"

"Ndibwerere kuti? Bwerera ndiwe, wabwera ndi chinsungwi chako ngati msewu ndi wa kwanu!"

Mphunzitsi anatembenuzira chikwangwani kumtunda, onse obwera anathamangira kumtunda n'kukatseka kumeneko. Anachitembenuzira kumunsi, anatseka kumunsi. Kenako anangochigoneka pansi n'kupinda manja. Pofika mphindi khumi ndi ziwiri panalibe chosuntha pabwalo lonse kupatula pakamwa, ndipo amuna awiri anali atagwirana kale malaya pa nkhani ya galimoto zimene analibe.

"Izi ndiye ndikuzidziwa," anatero Makwinja.

Anatsika pachulu, anafufuta ndi nsapato yake chipinda chogona ndi theka la pabalaza, n'kuuza matenanti aja kuti ayambirenso. Zinayenda theka la ola lathunthu, popanda wopatuka ngakhale mmodzi. Makwinja anati nzeru ya kuzungulira mbali imodzi aitenga, chikwangwani achitenganso, ndipo akalemba dzina la bambo Kamtedza mu lipoti. Mtanda wofiira ukhala pomwepo. Anamugwira chanza Gilibati ndi manja awiri n'kulowa m'galimoto mofulumira, ngati munthu amene sakufuna kuona zotsatira.

Bwalo linaphwa mwakachetechete. Wina podutsa ananena mokweza kuti anthu ena amadya nsima ya pamudzi koma mtima uli kuchipani china, ngakhale sanatchule kuti chipani chiti, pakuti m'mudzimo zinalimo zitatu. Petro ananyamula nsungwi yake n'kupita osatsanzika. ANachisale ananyamuka pabenchi, anasiya mpini uja pomwepo bwinobwino, n'kumapita kwawo pang'onopang'ono.

Elube anadikira mpaka atafika pakhomo.

"Anakufunsani ndani?"

"Palibe."

"Munthu uja anali atagwira kale cholembera. Anakufunsani ndani, bambo a Masozi?"

"Lole siima chilili, mayi a Masozi."

"Amayi anga ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri. Bambo anamwalirira m'chipinda chimene chija. Inu mukundiuza za lole?"

Gilibati ankadziwa kuti yankho limene anapereka ndi losakwana. Elube analira mokwiya, akutsuka mbale zimene zinali zotsuka kale. Masiku anayi sanamulankhule, kupatula kumuuza kuti madzi osamba ali kubafa.

Tsiku lachisanu lake m'mawa Elube anabwera n'kuima pakhomo, manja kumbuyo, ndi nkhope ya munthu wotumidwa.

"Amayi akuti adzakhala m'nyumba muno mpaka tiwamangire ina. Ndiye inu mukudziwa kuti simungagone denga limodzi ndi iwo."

"Ndikagona kuchigafa."

"Muli fodya."

"Ndisendeza."

"Akutinso malata mukazule ndinu. Sakufuna anthu a boma adzawang'ambe ndi zitsulo zawo. Akuti muyambire kuchipinda, lero, dzuwa lisanatenthe."

Gilibati anabwereka makwerero ndi hamala. Ngolo zinali zitayamba kale kudutsa pamphambano, ndipo oyendetsa ake ankamuyang'ana akukwera, ena kumupatsa moni, ena ayi. Padengapo anapeza kuti malemu apongozi ake aamuna sankakhoma misomali ngati munthu woganiza kuti wina adzazula. Pamene mmisiri amakhoma itatu iwo anakhoma isanu ndi umodzi, ndipo uliwonse anaupinda kunsi. Lata loyamba linamutengera pafupifupi ola. Atazula msomali womaliza analikweza pang'onopang'ono n'kulitsetserekera kumbali.

Dzuwa linagwera m'chipindamo. Iye ankaganiza kuti m'nyumbamo mulibe munthu. ANachisale anali atakhala pabedi, jekete lakale lachimuna lili pamiyendo, akulipinda. Anakweza mutu. Gilibati anafuna kupatuka, koma kumanzere kunali msewu pansi patali, kumanja kunali bowo limene anali atangotsegula. Anangokhala pomwepo pamtanda wa denga, hamala m'manja, akuyang'ana nkhope imene inali yaing'ono ndi yokalamba kuposa mmene ankaiganizira, ndipo inali yonyowa.

"Pepani, amayi," anatero.

ANachisale sanaitane Elube. Anapukuta m'maso ndi dzanja la jekete lija.

"Ndamva, bambo. Zulani linalo, koma samalani mtandawo. Unafumbwa kalekale, ndinkangosowa womuuza."